Sikani yoona mafuta ozungulira mitsempha ya m'khosi: kodi tiwafunire bambo anga?

Nachisale_Chinamwali

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga pano, koma lero ndabwera ndi yanga.

Bambo anga ali ndi zaka 68. Ndi kalipentala, ndipo mpaka pano sakhala pansi. Kuseri kwa nyumba yathu ku Chinamwali kuli kashedi komwe amakonzerako mipando ndi zitseko za anthu. Lachinayi lapitali cha m'ma 6 koloko m'mawa tinali pakhonde tikumwa tiyi, ine ndisananyamuke kupita kusukulu komwe ndimaphunzitsa. Ndinangomva kapu yagwa pansi, tiyi yense pamwendo. Powayang'ana, dzanja lamanja lili lende ngati si lawo. Ndinati, "Ababa, mwatani?" Anayankha ndithu, koma mawu ake ngati a munthu amene wavwira mbatata yotentha. Ndinangotolapo liwu limodzi, "diso". Amayi anatuluka m'khitchini chikombe chili m'manja, n'kuyamba kuwaitana dzina lawo la ubwana, limene sindinawamvepo akuwatchula.

Patatha mphindi ngati 15 zonse zinabwerera. Dzanja linayamba kugwira, mawu anamveka. Apa m'pamene anaulula kuti diso lakumanzere linachita mdima kuyambira kumwamba kutsika pansi, ngati wina akutsitsa katani, ndipo zimenezi zinawachitikirapo kale kawiri mwezi womwewu akupala thabwa. Sanauze munthu. Ankati ndi njala.

Kuchipatala ankakana, amvekere zapita kale. Ndinachita kuwagwadira. Titafika, BP inapezeka 182/104, shuga ali bwino. Mankhwala a BP anawayamba zaka 4 zapitazo, koma amamwa akamva mutu, ukasiya nawonso amasiya. Fodya anasuta zaka zoposa 30, anasiya mdzukulu wawo woyamba atabadwa. Adokotala anawamvetsera ndi chomvetsera chija pachifuwa, kenako m'khosi mbali zonse ziwiri, n'kunena kuti iyi inali sitiroko yochenjeza. Anawapatsa aspirin, anawonjezera mankhwala a BP, n'kutilembera kalata yoti akajambulidwe mitsempha ya m'khosi ndi sikani yotchedwa Doppler.

Tsopano pavuta ndi apa. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg anditumizira nkhani pa WhatsApp. Nkhaniyo ikuti madokotala akunja akumajambula mafuta amene amazungulira mitsempha ya m'khosi ndi makina a CT, ojambula mkati mwa thupi ndi cheza, ndipo poona mafutawo amatha kudziwa ngati munthu ali pafupi kugwidwa sitiroko. Achimwene akuti tisataye ndalama ndi sikani yachikale, tifufuze yatsopanoyi, ndalama atumiza kumapeto kwa mwezi. Amayi nawo atamva mawu oti mafuta a m'khosi agwiritsa pomwepo. Bambo ali ndi khosi lalikulu, lopindika kumbuyo, ndiye amayi akuti matenda onse ali m'mapindi amenewo, ndipo ayamba kuwathowa ndi madzi otentha madzulo aliwonse.

Kodi mafuta akunenedwawa ndi omwe tikuwaona ndi maso pakhosi pawo? Sikani imeneyi ndi yeniyeni, ndipo ikanatiuza chiyani chimene Doppler singatiuze? Tidikire kumapeto kwa mwezi? Usiku sindikugona, ndikumadzuka kukaima pakhomo pa chipinda chawo kumvetsera ngati akupuma bwino. Amene mukudziwa ndithandizeni.

Mjambuli_Matawale

Achemwali, pepani ndi matendawa. Ine ntchito yanga ndi yojambula odwala, ndiye ndiyankha mbali ya makina. Za mankhwala ndisiyira ena.

Ndiyambe ndi amayi. Mafuta a pankhongo aja, amene mungawatsine ndi zala, si omwe nkhaniyo ikunena. Ikani zala ziwiri pambali pa kholingo lanu, pang'onopang'ono, mbali imodzi yokha. Mukumva kugunda? Umenewo ndi mtsempha waukulu wopititsa magazi kumutu, madokotala amautcha carotid. Ulipo kumanja, ulipo kumanzere. Chapafupi ndi pamwamba pa kholingo umagawika pawiri, nthambi ina kupita kunkhope, ina kulowa m'chigaza kukadyetsa ubongo ndi diso. Mtsempha umenewu, monga mitsempha yambiri m'thupi, umakutidwa ndi kamafuta kakekake kopyapyala. Amene munasendapo mbuzi mukudziwa mafuta oyera amene amamatirira pa impso. Ndi otere, kungoti apa ndi ochepa kwambiri, ndipo ali nawo aliyense, wowonda ndi wonenepa yemwe.

Vuto la mtsempha limayambira mkati. Pamphanda paja, pomwe magazi amazungulira asanasankhe njira, pamamata zinthu m'khoma la mtsempha: kolesitero, maselo akufa, nthawi zina laimu. Ndimakonda kuwauza odwala kuti ndi nkhoko ya mumtsempha. Koma nkhoko zimasiyana. Ina ndi youma gwa, imatha kukhala zaka osavuta munthu. Ina ndi yofewa ngati chithupsa, mkati mwake muli phala, pamwamba kakhungu kopyapyala. Yofewayi ikaphulika, magazi amaundana pamenepo, kachidutswa n'kuthothoka kupita kukatseka njira mu ubongo kapena m'diso. Zimene mwafotokozazo, diso lakumanzere ndi dzanja lamanja, zikuloza mtsempha wakumanzere, chifukwa diso limadyetsedwa ndi mtsempha wa mbali yake yomweyo pamene ubongo wakumanzere umalamulira thupi lakumanja.

Kwa zaka zambiri funso lathu lakhala limodzi: njira yachepa bwanji? Koma pali anthu amene njira yawo yachepa pang'ono chabe n'kugwidwa sitiroko, ena yachepa kwambiri osamva kanthu. Chimene chimasiyanitsa kawirikawiri ndi kutukusira kwa khoma la mtsempha, ndipo kutukusira sikuoneka bwino pa chithunzi wamba. Apa m'pamene mafuta aja akulowera.

Mu 2017 gulu la ofufuza a ku Oxford, lotsogozedwa ndi Charalambos Antoniades, linasonyeza kuti mtsempha ukatukusira umatulutsa timadzi timene timalowerera m'mafuta oyandikana nawo. Timadzi timeneti timaletsa maselo a mafuta kukula ndi kudzaza. Ndiye mafuta oyandikira mtsempha wodwala amakhala ndi maselo ang'onoang'ono, mafuta enieni ochepa, madzi ambiri. Ganizirani paipi ya madzi ochokera kudamu la Mulunguzi yodutsa pansi pa nthaka. Paipiyo simukuiona, koma pamene yaboka dothi la pamwamba limachita chinyezi, udzu umabiriwira ngakhale mu Okutobala.

Makina a CT amaona chinyezi chimenecho ndi manambala. Kadontho kalikonse pa chithunzi kali ndi nambala yake pa sikelo ya Hounsfield, dzina la Godfrey Hounsfield amene anapanga makinawa n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1979 limodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku South Africa. Pa sikeloyi madzi ali pa 0, mpweya pa -1000, mafuta abwinobwino chapafupi ndi -100. Mafuta akachita chinyezi nambala imakwera kulowera ku 0. A ku Oxford aja anayeza zimenezi pa mitsempha ya mtima, osati ya m'khosi. Mu 2018 anatulutsa zotsatira za anthu pafupifupi 3,900 a ku Erlangen ku Germany ndi ku Cleveland ku America, ndipo amene mafuta awo anakwera kudutsa -70 ndi omwe ankamwalira kwambiri ndi matenda a mtima m'zaka zotsatira.

Za m'khosi zinabwera pambuyo. Ofufuza a ku America mu 2018, kenako ena ku Italy ndi ku China, anatenga zithunzi za CT za anthu ojambulidwa kale n'kupeza kuti mafuta ozungulira mtsempha umene unayambitsa sitiroko amakhala ndi nambala yokwera kuposa a mitsempha imene sinavute. Ndi zoona ndithu, achimwene anu sananame. Koma taonani mmene anafufuzira: ambiri anayang'ana m'mbuyo, sitiroko itachitika kale, pa magulu ang'onoang'ono a anthu. Ndiponso khosi ndi malo opanikizika. Pambali penipeni pa mtsemphawo pali mtsempha wina waukulu wobweza magazi kumtima, pali minofu, pali timwanabere. Kwathu kuno timwanabere ta m'khosi timatupa kawirikawiri, ndi TB, ndi dzino lobooka, ndi zilonda za kukhosi, ndipo kutupa kulikonse kungasinthe mafuta oyandikana nako. Nambala imasinthanso ndi mtundu wa makina ndi mphamvu imene wojambula watchera. Mpaka pano palibe nambala imodzi ya m'khosi imene onse agwirizana kuti apa ndiye pangozi.

Chinanso, si sikani yapadera yoti mungakaigule payokha. Ndi CT ya mitsempha yomwe ija, yobaya mankhwala pamkono kuti magazi awale pa chithunzi. Mafutawo amayezedwa pa kompyuta chithunzi chitatuluka kale. Choncho ngati bambo adzafike pojambulidwa CT, mafutawo adzakhalamo m'chithunzimo popanda kulipira china. Koma poyambira ndi Doppler. Ndi makina ngati ounikira amayi oyembekezera, amapaka kamafuta kozizira pakhosi n'kuyendetsa kachipangizo. Salasa, alibe cheza, ndipo pasanathe theka la ola amakuuzani ngati njira yachepa ndi mmene magazi akuthamangira pamenepo.

Mwana_wa_aNaphiri

Chemwali, ine za makina sindidziwa. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Thondwe. Ndikungofuna ndikuuzeni za amayi anga, chifukwa nkhani yanu ndaiwerenga misozi ili m'maso.

Iwonso zinayamba choncho. Tsiku lina akusankha mpunga, lichero linawapulumuka, pakamwa panapotoka pang'ono, kenako bwinobwino. Tinaseka nawo limodzi kuti ukalamba wafika. Alongo anga anati tidikire mwezi uthe, akalandira tiwatengere kwa dokotala wolipira, tisakaime pamzere. Sizinafike. Patangotha masiku 5 ndinawapeza m'mawa ali pansi pambali pa bedi, mbali yonse yakumanja yafa. Anakhala nafe zaka ziwiri ndi miyezi itatu osayenda, osatchula dzina langa. Ndinkawamwetsa phala ndi kasupuni ka tiyi atakhala tsonga, chifukwa akagona chagada ankatsamwa. Ndinkawatembenuza usiku kuti asachite zilonda. Mwana wanga wamkulu anasiya sukulu teremu yathunthu kuti azikhala nawo ine ndikapita kumsika.

Sindikuwanena alongo anga, ankafuna zabwino ngati mmene achimwene anu akufunira zabwino. Koma mawu oti kumapeto kwa mwezi ine ndikawamva thupi limachita tsemwe. Ngati muli m'banki m'khonde kakongoleni mawa. Ngati muli ndi matumba a chimanga gulitsani awiri. Achimwene adzabweze akalandira.

Ndipo amayi anu muwauze mwaulemu asiye kuthowa khosilo. Ife tinafika mpaka potema mphini pankhongo, sizinathandize kanthu, zinangowonjezera zilonda zoti tizitsuka.

Kiliniko_Domasi

Mayi Nachisale, ine ndine kiliniko ofesa, ndipo odwala BP ndi shuga ndimawaona sabata iliyonse. Zimene Mjambuli wafotokoza ndi zolondola, koma pamodzi ndisiyana naye pang'ono. Iye akuti mafutawo adzakhalamo m'chithunzi cha CT. Inde adzakhalamo, koma ngakhale wina atakuyezerani lero n'kukupatsani nambala, palibe dokotala amene angasinthe mankhwala a bambo chifukwa cha nambalayo. Phindu la kuyeza mafuta, likadzatsimikizika, lidzakhala kwa munthu amene sanamvepo kalikonse, amene nkhoko yake yapezeka mwangozi, ndipo madokotala akufuna kudziwa ngati ili yogona kapena yolusa. Bambo anu adutsa pamenepo. Diso lachita mdima katatu, dzanja lafooka, mawu asokonekera. Thupi lawo layankha kale funso limene sikani ya mafutayo imafunsa.

Ngozi ya sitiroko yaikulu imakhala pamwamba kwambiri m'masiku oyambirira pambuyo pa yochenjezayi. N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi kudikira. Doppler ichitike sabata ino. Kufunika kwake ndi uku: pa kafukufuku wamkulu wotchedwa NASCET, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 1991, anatenga anthu amene anali ndi zizindikiro ngati za bambo anu ndipo mtsempha wawo unali utatsekeka ndi 70 mpaka 99 peresenti. Mwa anthu 100 amene anangomwa mankhwala, 26 anagwidwa sitiroko ya mbali yomweyo pasanathe zaka ziwiri. Mwa 100 amene anachitidwa opaleshoni yopala nkhokoyo, anali 9. Mankhwala a masiku ano ndi amphamvu kuposa a nthawi imeneyo, komabe mpaka lero chimene chimatsogolera dokotala wa opaleshoni ndi kuchepa kwa njira pamodzi ndi zizindikiro, ndipo opaleshoniyo imapindulitsa kwambiri ikachitika m'masabata awiri oyamba.

Musadabwenso Doppler ikapezeka yoyera. Kwa ife anthu akuda, sitiroko zambiri sizichokera pamphanda ya m'khosi ngati mmene zimakhalira kwa azungu ambiri. Zimachokera m'timitsempha ting'onoting'ono ta mkati mwa ubongo timene BP yatiwononga, kapena m'mitsempha ya mkati mwa chigaza, kapena kumtima. Mtima ukamagunda modumphadumpha, magazi amaundana m'kachipinda kake kena n'kuthawira kumutu, ndipo zikatero mankhwala ake ndi ena, aspirin sakwanira. Choncho pemphani awajambulenso mtima ndi ECG. Ayezedwe impso, kolesitero, ndi HIV. Musakhumudwe ndi lomalizali, timayeza aliyense. Kafukufuku amene anachitikira pa Queen Elizabeth ku Blantyre, wotuluka mu 2016, anapeza kuti BP ndiyo ikutsogola pobweretsa sitiroko kwa akuluakulu m'Malawi, koma kwa achinyamata HIV ndiyo inali patsogolo. Amene ali pa ma ARV asamve ngati ndikuti asiye, kachilombo kosamwera mankhwala ndi kamene kamawononga mitsempha.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'nkhani yanu ndi chiganizo chija choti amamwa mankhwala akamva mutu. BP siimveka. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Munthu amatha kuyenda ndi 180 akupala matabwa, akuimba kwaya, osamva kanthu. Mankhwalawo ndi a tsiku lililonse, moyo wonse, mutu uwawe usawawe. Funsaninso za statin, monga atorvastatin. Anthu amangoti ndi otsitsa kolesitero, koma amakhazikanso nkhoko yofewa ija kuti isaphulike msanga, ndipo amachepetsa kutukusira komwe mafuta aja amasonyeza.

Mchere nawo. A WHO amati usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya. Nsomba zouma zothira mchere muziziviika kaye n'kutaya madziwo. Soda wa m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo nazonso ndi mchere womwewo m'dzina lina.

Kuthowa ndi kutikita khosi kuleke lero. Pamphanda pomwepo pali kamalo komva kuthamanga kwa magazi, kakapanikizidwa mtima umatsika mwadzidzidzi munthu n'kukomoka, ndipo ngati pali nkhoko yofewa simukufuna kuigwedeza.

Zikadzachitikanso, nkhope kupotoka, mkono kulendewera, mawu kusamveka, diso kuchita mdima, onani nthawi pa foni n'kunyamuka pomwepo, ngakhale zitasiya muli m'njira. Musawamwetse madzi, phala kapena mapiritsi owonjezera ali choncho. Sitiroko ina ndi yophulika mtsempha, ndipo pa imeneyo aspirin amawonjezera kukha magazi. Chosiyanitsa ziwirizi ndi CT ya m'mutu.

Nachisale_Chinamwali

Zikomo kwambiri nonse atatu. Achemwali a pa Thondwe, ndawawerengera amayi uthenga wanu mokweza. Sanayankhe kanthu, anangopita kukachotsa ketulo pamoto. Mulungu akutonthozeni.

Achimwene ndawatumizira zimene a Mjambuli ndi a Kiliniko mwalemba. Poyamba anakwiya pang'ono, akuti kodi Amalawi tizingolandira zotsalira nthawi zonse, anzathu akupita patsogolo. Ndinawamvetsa. Ali kutali, bambo awo akudwala, chimene angathe ndi kufufuza pa intaneti usiku akaweruka. Ndinawauza kuti ngakhale kumene aliko akanayambira pa Doppler pomwepa. Akongola kwa abwana awo, atumiza mawa.

A Mjambuli, ndifunseko. Ngati zitafika pa CT, mankhwala obaya aja ndi oopsa? Bambo anauzidwapo chaka chatha kuti impso zawo zatopa pang'ono.

Mjambuli_Matawale

Mwachita bwino kutchula zimenezo, ndipo mukazitchulenso kumeneko musanafunsidwe. Mankhwalawo ali ndi ayodini ndipo amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Asanabaye amayeza magazi kuona creatinine, imene imasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito. Ngati impso zangotopa pang'ono, ambiri amajambulidwa bwinobwino, amangouzidwa kumwa madzi okwanira tsiku limenelo ndi lotsatira. Zikakhala zofooka kwambiri, dokotala amayeza phindu ndi ngozi, mwina n'kusankha njira ina yojambulira monga MRI. Mutenge mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ndi a zitsamba omwe ngati alipo, komanso mapiritsi a ululu ogula pa golosale monga ibuprofen ndi diclofenac, chifukwa amenewa amalemetsa impso. Ngati anatupapo kapena kubanika atabayidwa mankhwala ojambulira m'mbuyomu, munene.

Muwakonzekeretse bambo pa chinthu chimodzi. Mankhwala akamalowa, thupi lonse limamva kutentha kuchokera kukhosi kutsika mpaka kumunsi, mkamwa mumamveka ngati mwaluma kachitsulo, ndipo ambiri amaganiza kuti adzikodzera. Sanadzikodzere ayi, zimatha pasanathe mphindi. Azibambo achikulire amachita manyazi n'kuyamba kudzuka, chithunzi n'kuwonongeka. Akadziwiratu amagona phee. Adzauzidwanso kuti asameze malovu kwa kanthawi, chifukwa kumeza kumagwedeza khosi lonse.

A Kiliniko akunena zoona kuti nambala ya mafuta singasinthe mankhwala lero. Ine chimene chimandikoka mtima n'chakuti zithunzi zimene timajambula kale zili ndi uthenga umene takhala tikuudutsa. Kale ndikamayang'ana chithunzi cha khosi, kamzere kakuda kozungulira mtsempha ndinkangokaona ngati malire. Pano ndimakayang'ana kawiri. Koma manambala a ku Oxford ndi ku Cleveland anachokera pa matupi a anthu a kumeneko, ndipo ndingakonde ophunzira athu a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS adzayeze pa anthu athu, amene ambiri ndi owonda, ena ali ndi HIV, ena anadwalapo TB ya m'khosi.

Nachisale_Chinamwali

Ndabwera kudzakuuzani mmene tayendera. Lachiwiri tinanyamuka ndi minibasi yoyamba, m'ma 8 koloko tinali ku Blantyre. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi. Njira yonse sanalankhule, anangoyang'ana pawindo, titadutsa pa Namadzi m'pamene anandifunsa ngati ndatseka kashedi.

Anandilola kulowa nawo. Anawagoneka chagada, kapilo pansi pa mapewa, mutu atautembenuzira kumbali. Pa sikirini ndinaona mtsempha ngati kamsewu kakuda, mkati mwake mukuthwanima zofiira. Mbali yakumanja phokoso lake linali lofatsa, fuu, fuu, fuu. Atafika kumanzere pamphanda paja, phokoso linasintha n'kukhala lakuthwa ngati mpweya wotuluka pa tayala, ndipo zofiira zija zinasakanikirana ndi zachikasu ndi zobiriwira. Sindinafunikire kuuzidwa. Bambo nawo anamva, anandigwira dzanja.

Akuti kumanzere njira yachepa ndi pakati pa 60 ndi 70 peresenti, ndipo nkhokoyo ikuoneka yofewa. Kumanja kuli pang'ono chabe. ECG ili bwino, mtima ukugunda mwadongosolo. Awayambitsa atorvastatin, awonjezera piritsi lina loletsa magazi kuundana loti amwe limodzi ndi aspirin kwa masabata ochepa. Impso akuti zingapirire, ndiye Lachisanu tibwereranso kukajambula CT ya mitsempha, kenako tikaonane ndi dokotala wa opaleshoni kuti anene ngati n'kofunika kupala. A Mjambuli, ndikapempha andionetse kamzere kakuda kaja, ndijambule ndi foni ndiwatumizire achimwene.

Kunyumba ndagula kamakina koyezera BP, ndipo ndatenga kope la sukulu n'kulemba mizere: tsiku, m'mawa, madzulo. Lero m'mawa inali 154/92. Mapiritsi akusunga ndi amayi, amawapatsa pamodzi ndi tiyi n'kuima pomwepo mpaka ameze. Kabotolo ka mchere kachoka patebulo, ngakhale dzulo ndinakapeza m'thumba la jekete lija.

A Kiliniko, funso limodzi. M'kashedi muli mipando 6 ya mpingo wina wa ku Sadzi imene analandira kale theka la ndalama, ndipo akuti sangagone ndi ngongole ya anthu a Mulungu. Macheka a magetsi ndawabisa kwa aneba. Koma kupala ndi kupaka vanishi atakhala pansi, mdzukulu wawo ali pambali, ndiwalole kapena adikire Lachisanu lidutse?